Aphunzitsi Sadya Khosi

Lolemba

Amake Tadala anyamuka m'mawa uno. Minibasi ya ku Mzuzu, thumba la mpunga, zitenje ziwiri zatsopano. Mwana wathu Tadala wachira, kwabadwa mwana wamwamuna, ndiye mayi ake akukamuthandiza mpaka Lamulungu. Ndawaperekeza kumsewu ndi nkhope ya munthu wosiyidwa. Minibasi itangokhota, ndakwera njinga wa ku Uliwa.

Makosi a nkhuku. Paketi imodzi yaikulu, youma gwa. Ndawerenga kawiri kuseri kwa golosale: makumi awiri ndi atatu.

Ndilembe muno poti palibe adzawerenge. Ine ndimakonda khosi. Munthu wa zaka makumi asanu ndi zinayi, wachiwiri kwa ahedi, wa tayi tsiku lililonse ngakhale kutenthe chotani, ndimakonda khosi la nkhuku kuposa nyama ina iliyonse pansi pano.

Kwathu ku Ntcheu ndinali mzime mwa ana asanu ndi anayi. Nkhuku ikaphedwa, bambo nthutumba ndi ntchafu, enawo motsata ukulu, pofika kwa ine patsala khosi. Mayi ankalichotsa lisanalowe mumphika, n'kuliwaza mchere, n'kuliika paphale khungu lili pansi. Madzi ayi, mafuta ayi. Khosi limadzikazinga lokha, mafuta ake limayenda nawo m'khungu. Limalira, limapindika, khungu limafiira n'kuuma. Umayamba khunguro, kenako kanyama kobisala pakati pa timafupa, kenako timafupato umayamwa kamodzikamodzi anzako atasamba kale m'manja. Azichimwene anga ankandimvera chisoni. Ine ndinkangokhala chete, kuopa angadziwe.

Chikwatirireni, zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, khosi silinakwerepo pa mbale yanga. Alangizi anawauza amake Tadala kuti mwamuna ndi nthutumba, ndipo iwo ndi munthu womvera malangizo. Nthutumba ndimadya. Kutafuna kwake ngati mphira ya njinga, koma ndi ulemu, ndiye ndimathokoza. Kupempha khosi? Bambo wa pakhomo kupempha ndiwo ya ana? Pakamwa sipatseguka.

Ndiye sabata ino ndi yanga. Dongosolo:

- Lolemba: atatu, okazinga ngati a mayi. Phale ndilibe, felempani ichita.
- Lachiwiri: asanu, a tomato ndi anyezi, pa mpunga.
- Lachitatu: ootcha pa makala, tsabola wa kambuzi pambali.
- Lachinayi: mu mbalagha, nthochi zophika ndi nyama zimene anthu akuno amanyadira. Ndiyese ndi makosi.
- Lachisanu ndi Loweruka: zomwe mtima ufune.
- Loweruka madzulo: kutsuka felempani kawiri, kukwirira mafupa, kutsegula mawindo.

Madzulo. Atatu a lero alephereka. Amake Tadala asiya mphika wa nyemba ndi lamulo loti zithe lero zingasase, ndipo ndikudziwa kuti afunsa pa foni. Ndadya nyemba. Ndi kutentha kwa kuno paketi yayamba kale kudontha, furiji tilibe, ndiye ndaikulunga m'nyuzipepala ndi majumbo awiri n'kukasungitsa kwa NyaGondwe, mkazi wa a Msiska eni nyumba tikukhalayi. Furiji yawo ndi ya mafilizesi ogulitsa. Ndawauza kuti ndi kanyama chabe. Pakadafunda padajiwitsa galu, ndikudziwa, koma mawa si kutali.

Lachiwiri

Masamu sitandade 7. Ndalemba funso pa bolodi loti mayi wina wagawira ana makosi, ndafufuta msanga, ndalemba malalanje. Ndaweruka changu.

NyaGondwe andilandira ndi nkhope ya pamaliro. Atsegula. Majumbo onse awiri, ndi nyuzipepala yomwe, yomwe tsopano yapindidwa bwinobwino pamwamba pa furiji.

"Asambizgi, zinthu zafika apa ndipo imwe muli chete? Singo? Munthu wa tayi?"

Kuno khosi amati singo, mphunzitsi amati msambizgi. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndili ku Hara, anthu awa ndimawadziwa: ukagwa amakudzutsa, ndipo ukapanda kugwa amakudzutsabe. Ndayesa kulongosola kuti ndagula dala. Angopukusa mutu. Akuti wamanyazi aliyense amatero.

Akutinso pakhomo pali azimayi mwamuna sagwira mthiko, andiphikira okha. Ndakana kawiri, kachitatu ndagonja. Ndawerengera asanu m'mbale yawo, ndafotokoza pang'onopang'ono ngati ndili m'kalasi: khungu lisachoke, mafuta osathira, tomato pomaliza. "Yewo, ndamva," atero, maso ali kwina.

Ndakhala pakhonde kudikira. Ndasamba m'manja, auma, ndasambanso. Kuseri kwa mpanda ndamva nkhuku ikulira mwadzidzidzi n'kusiya, koma sindinaganize kanthu. Nzeru zonse zinali m'kamwa.

Mbale zafika zovindikira, NyaGondwe agwada pozipereka. Ndavundukula. Ntchafu ziwiri, chiwindi, nthutumba. Apha nkhuku yawo yachikuda, imene inali pakati poikira. Makosi asanu apatsa adzukulu awo.

"Singo ni ya ŵana, asambizgi. Imwe idyani za akuluakulu. Ife tilipo, musadandaule."

Adzukuluwo ndawamva ndi makutu angawa akukanganirana lalikulu. Wina walira. Ndamumvetsa mwanayo.

Ndathokoza ndi manja awiri. Ndikanatani? Munthu wakuphera nkhuku yoikira. Ndatafuna nthutumba mpaka nsagwada kutopa.

Atsala khumi ndi asanu ndi atatu.

Lachitatu

M'mawa ndadzera kwa NyaGondwe ndisanapite kusukulu. Ndalankhula ndi mawu a pa asembule. Amama, makosi ndi anga, ndikufuna makosi, nkhuku zanu zisiyeni ziikire. Avomera msanga, msanga kwambiri. Kenako chenicheni chatuluka: amake Tadala asananyamuke anawasiyira mawu oti azindiyang'anira pa mchere ndi mafuta chifukwa cha bipi. Kani ndinasiyidwa ndi mlonda.

Kusukulu nkhani yandiyambira kufika. Ahedi andiitanira mu ofesi, atseka chitseko, afunsa ngati kunyumba kuli bwino. Ndati kuli bwino. Akuti, "Ndi momwe timayankhira amuna." Pa buleki mayi wa sitandade 2 wandiikira chinangwa chophika pa tebulo n'kutuluka osandiyang'ana kumaso. Chinangwa ndadya, chinalibe mlandu.

Kutentha lero kosanena. Malata akulira okha. Ana akuwodzera, ine ndikuwodzera, tayi yanyowa mpaka kunsonga.

Madzulo. Mbale imodzi yaikulu. Mpunga wachikasu pang'ono, fungo lake la nkhuku lomveka kumsewu. Ndafukula ndi sipuni. Ndafukulanso mpaka pansi. Khosi mulibe.

Zomwe NyaGondwe achita ndi makosi asanu ndi atatu, ine nditanena anayi:

- asenda khungu lonse
- makosiwo awawiritsa mpaka kuphwanyika
- msuzi asefa, aphikira mpunga
- timinofu adzukulu
- mafupa galu, poti si bwino ana a sukulu adutse pamsewu aone aphunzitsi awo akuyamwa fupa
- khungu alikazinga palokha, mafuta ake athira m'kapu

Kapuyo abwera nayo ngati umboni wa kukhoti. Mafuta achikasu, oyera bwino, kupitirira theka la kapu ya tiyi. Aiika pa tebulo pakati pa ine ndi iwo.

"Onani, asambizgi. Singo imaoneka ngati mafupa pera, kweni mafuta onse abisala mu khungu. Awa mukanamwa imwe, machero, mawa lomwe, tikanakunyamulani pa ngolo."

Ndikudziwa kuti mafuta ali m'khungu, amama. N'chifukwa chake ndinapalasa njinga mpaka ku Uliwa. Izi ndanena mumtima, pakamwa patuluka zikomo wa kuno, "yewo". Mafutawo akuti akazingira mazira a a Msiska sabata yonse, poti a Msiska bipi alibe. Timakungu touma totsala mu poto sindinafunse komwe tapita. Mtima wanga uli ndi malire.

Chopweteka kwambiri n'chakuti mpungawo ndi wokoma. Njere iliyonse yamwa khosi. Ndamaliza mbale yonse ndili wokwiya, ndakanda ndi pansi pomwe.

Atsala khumi.

Lachinayi

Nzeru zabwera ndikutsuka mano. Lachinayi masana NyaGondwe amapita ku msonkhano wa amayi kutchalitchi. Pakhomo pamatsala a Msiska, amene furiji amangodziwa potsegulira. Ndatenga asanu ndi limodzi. Angondiyang'ana nthawi yaitali. Mbalagha ndaisiya, nthawi ya zokometsera yatha.

3 koloko. Mbaula kuseri kwa nyumba, makala ofiira bwino. Felempani youma. Mchere. Khungu pansi.

Kulira kwake komweko, kwa ku Ntcheu! Mafuta ayamba kutuluka okha, akuzungulira m'mbali, makosi akupindika pang'onopang'ono. Ndaima pamenepo misozi ili pafupi, sindinama. Mayi anamwalira ndili ku koleji, ndipo chiyambire fungo limeneli sindinaime nalonso pafupi chonchi. Ndatembenuza kamodzi. Mphindi khumi basi.

"Odi, asambizgi."

A Msiska ndi akulu a mpingo awiri, majekete ndi kutentha konseku, Baibulo kukhwapa. Akuti zamveka kuti amake Tadala achoka ndi thumba la mpunga ndi zitenje zatsopano, mwamuna watsala akudya singo. Abwera kudzandilimbikitsa.

Ndawakhazika pabalaza, mutu ukuzungulira. Chakudya chili pamoto mlendo sumam'bisira. Koma makosi suika pamaso pa akulu a mpingo. Ndikati ndikaphule kaye, ndiye kuti mbale ituluke, ndipo mbale ikatuluka ndawanyoza. Ndaganiza zofotokoza msanga kuti anyamuke msanga. Ndawaonetsa chithunzi cha khanda pa foni. Apatsirana foniyo mmodzimmodzi, aliyense kuvala kaye magalasi.

"Mwana amabadwa, inde," watero wina, "kweni thumba lathunthu la mpunga?"

Kenako: tiyeni tipemphere.

A Msiska akamapemphera amayambira pa Adamu. M'Chitumbuka, mofatsa, osadumpha munthu. Maso anga otseka, mphuno yotsegula. Pa Adamu ndi Hava makosi anali atapsa bwinobwino. Pa Abrahamu ndi Sara anafunika kuphula. Pa Yakobo, amene anali ndi akazi awiri ndipo onse atchulidwa, fungo layamba kusintha. Pa Yobu khungu latha. Pofika pa banja langa mafuta agwira moto, ndamva phuu kuseri, utsi walowa pawindo. Mkulu mmodzi watsokomola koma maso sanatsegule. Munthu wachikhulupiriro. Ameni wanga wamveka mpaka kusukulu.

Makala asanu ndi limodzi opindika. Ndaluma limodzi, mwina mkati. Makala mpaka mkati. Felempani ya amake Tadala yabenda pansi, chogwirira chasungunuka. Akuluwo anditsatira kuseri, aima mondizungulira, manja kumbuyo, ngati tili pamanda.

"Mwanalume yekha ni suzgo," atero a Msiska, kutanthauza kuti mwamuna payekha ndi mavuto. Andigwira paphewa. Madzulo NyaGondwe atumiza mbalagha ya ng'ombe.

Atsala anayi. Ndatopa ngati ndalima.

Lachisanu

Magetsi azima kuyambira m'mawa. Mafilizesi a NyaGondwe asanduka madzi, ena aphulika, makosi anga akusambira momwemo.

Kusukulu kwabwera komiti ya makolo, anthu asanu ndi tambala. Tambalayo wamkulu, wofiira, wa lipombo logwera mbali. Wapampando akuti aphunzitsi amene atulutsa ana ambiri chonchi ku Hara sangamadye singo makolo ali moyo. Ahedi alankhula, alankhulanso. Ana asuzumira m'mawindo. Ine ndaima pakati ndikuthokoza, thukuta likutsika kumsana. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Koma pobwerera, tambala ali kukhwapa, ndaliona khosi lake. Lalitali, lonenepa, lachikuda, osati a m'paketi aja. Ndalisisita ndi chala njira yonse. Mtima wayamba kubwerera m'malo. Ndimupha ndekha, ndisosola ndekha, chitseko chokhoma, wogogoda agogode.

NyaGondwe andichingamira pageti. Tambala alanda ndisanapereke ndi moni womwe. Akuti ameneyu ndi wolandirira amama Lamulungu, kuti anthu aone ndi maso kuti banja lilipo. Am'mangirira mwendo ku mtengo wa mango pakhomo pawo. Ndikumuona pawindo pano. Akutambasula khosi dala.

Foni. Amake Tadala. NyaGondwe awaimbira kale. Zomwe ndamva, poti mpata wolankhula sindinapatsidwe:

- "Mwandivula pamaso pa Hara yense."
- "Ndakusiyirani usipa, mazira, kabichi, nyemba. Makosi mwawaona pati pamenepo?"
- "Akulu a mpingo m'nyumba mwanga, pansi posakolopa."
- "Felempani yake iti?"
- Khanda lili bwino, likuyamwa, akuti mphumi latengera ine.

Pomaliza afunsa, mawu atatsika: "Nanga makosiwo anali a chiyani, bambo a Tadala?" Mpata unali umenewo. Foni ili kukhutu, munthu ali kutali, sakundiona nkhope. Ndangoti anali otchipa. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri tili limodzi, ndipo ine ndangoti anali otchipa. Ndadzida.

Anayi aja NyaGondwe andibwezera okha, akuti asungunuka, ndikataye kudzala. Ndawatsuka madzi a mafilizesi, amene awasiyira kufiira kosayenera, ndawapaka mchere wambiri, ndawaika m'kakontena pansi pa mtsuko pozizira. Kuphikira pano sindingathe. Felempani yatha, ndipo utsi uliwonse wa pakhomo pano tsopano uli ndi mboni.

Loweruka

Ndanunkhiza kakontena. Akadali bwino, koma mawa sangafike. Ndi lero kapena ayi.

Tayi ndasiya. Chipewa chakale cha kumunda, malaya ong'ambika pakhwapa, kakontena m'chikwama cha mabuku. Ku Uliwa amandidziwa, ndiye ndapalasa kulowera cha ku Vinthukutu, kufunafuna malo omwe sindinaphunzitsepo munthu. Maondo akudandaula. Dzuwa silikuchita nawo masewera.

Ndapeza chiwaya pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu. Tchipisi mbali imodzi, nyama mbali ina, akabaza atatu aima mozungulira njinga zawo atatsamiritsa. Mwini wake bambo wandevu, mimba yoposa yanga. Nkhope yachilendo. Ndatsitsa chipewa, ndatulutsa kakontena, ndanong'ona kuti andikazingireko awa pambali, mafuta osathira.

Wandiyang'ana. Wayang'ananso. Wavula kapusi.

"Sala! Simukundikumbuka? Wanangwa, sitandade 8, benchi ya kumbuyo."

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri zapitazo. Akuti ndinam'kwapulapo chifukwa cha masamu ogawa, ndipo chikwapu chimenecho ndi chomwe chinamupanga munthu. Ndikanadziwa ndikanamusiya.

Wandikhazika pa kileti ataipukuta kaye ndi malaya ake. Makosi watenga, wawatsukuluza mchere, wawaponya pa chiwaya. Mtima wanga wadumpha. Khungu pansi, ndendende! Tchipisi wakankhira kumbali kuti mafuta ogula asafike. Munthuyu ntchito yake amaidziwa.

"Singo sifuna mafuta, sala, imabwera ndi ake. Ine tsiku lomwe ndili nazo botolo la mafuta limapuma. Ndipo tchipisi ikalowa m'mafuta amenewa, anthu amabweranso."

Ndagwedeza mutu ngati ndikumva zachilendo. Afiira. Auma. Wawaza tsabola. Ndasamba m'manja pa kachigubu kopachika.

Mbale yanga yafika: ntchafu, tchipisi, kabichi, ndi nthutumba ziwiri zimene akuti amasungira mabwana a magalimoto.

"Sala sangadye singo pa chiwaya changa. Anthu angandiseke mpaka ku Songwe."

Makosi wagawira akabaza, aliyense lake. Limodzi latsala pakona pa chiwaya, lalikulu mwa onsewo, mafuta akadali kuwira pakhungu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndatambasula dzanja. Ndithu ndatambasula, anthu akuona, ndatsala pang'ono kukhudza. Wanangwa wathamangira kundiikira mchere m'dzanjamo, khosilo waponya m'kamwa mwake.

"Makosi a lero ndi boo," watero kabaza wina, akunyambita chala.

Ndakhala pa kileti pakati pa anthu anayi, timafupa tikulira m'kamwa mwawo mbali zonse. Nthutumba ziwiri. Ndamaliza zonse, poti Wanangwa anaima pamutu panga manja atapinda kumbuyo. Kulipira wakana. Wandiperekeza mpaka pamsewu akundikankhira njinga, wandibwezera kakontena atakatsuka.

Ndapalasa kubwerera dzuwa lili paliwombo, tayala lakumbuyo likuphwa pang'onopang'ono. Theka la njira ndayenda wapansi.

Atsala: palibe.

Madzulo ndasesa, ndakolopa. Felempani ndabisa pansi pa bedi, kenako ndaitulutsa, poti akudziwa kale. Mafupa okwirira palibe. Mawindo ndatsegulabe, chifukwa cha kutentha.

Lamulungu

Kutchalitchi aliyense moni wa manja awiri. Mayi wina wandinong'oneza kuti Mulungu amabweza zotayika. Ndati ameni. Mphamvu zolongosola zatha.

Amake Tadala afika masana. NyaGondwe awalandira pamsewu ngati achokera ku Joni, chikwama awanyamulira pamutu, ayenda nawo pang'onopang'ono kuti aliyense aone. Tambala waphedwa. Anthu adutsa pakhomo mmodzimmodzi, wina kudzabwereka machesi, wina kudzafunsa nthawi. Aona. Banja lilipo.

Sanandikalipire. Atenga felempani, aitembenuza, apuma mpweya wautali, aisiya. Ndikanakonda akanakalipa.

Mbale yanga pa tebulo: ntchafu, chiwindi, nthutumba. Agwada, andisambitsa m'manja, abwerera kukhitchini.

Ndakhala ndikuyang'ana mbaleyo. Ndine agogo tsopano. Ndikapanda kunena lero, ndidzalowa m'manda ndi nkhuli yanga, anthu n'kumati anali munthu wolemekezeka. Ndaimirira, ndanyamula mbale, ndalunjika kukhitchini, komwe sindilowa iwo akamadya.

Akhala pa kampando kuseri kwa chitseko, miyendo atatambasula, mpango atavula. Pa mbaula pali chivindikiro cha poto chogadamiza, chonyezimira mafuta. M'manja mwawo khosi la tambala. Lofiira, louma khungu, mchere ukuoneka. Maso atsinzina. Zaka zonsezi sindinawaonepo akudya chinthu ndi nkhope imeneyo.

Ndanena. Zonse: za ku Ntcheu, za mayi, za paketi, za njinga ya dzulo. Mawu akunjenjemera ngati mwana wa sitandade 1 wofunsidwa dzina. Andimvetsera osachotsa khosi pakamwa. Pomaliza ndatambasula mbale, ndati tisinthane, nthutumba nayi.

Ayang'ana nthutumba, ayang'ana ine.

"Imeneyo ndani amaifuna? Inu mumayesa zaka zonsezi ndimatsala ndi khosi chifukwa chovutika?"

Ndabweza dzanja ndi mbale yanga. Athyola kafupa kamodzi, akayamwa, akaika pa chivindikiro.

"Manyazi a kwa anthu ndakhululuka, felempani tidzagula ina. Koma makumi awiri ndi atatu, bambo a Tadala. Adzukulu a eni adya, galu wadya, akabaza adya. Ine osandisungirako ndi limodzi lomwe."

Ndafunsa ngati mwina tambala wina akadzaphedwa tingadzagawane. Akuti nkhuku ili ndi khosi limodzi, ndipo wososola ndi iwo, wopsa ndi moto ndi iwo. Akutinso ndikumbuke bipi. Komanso ndituluke m'khitchini anthu angandione.

Ndabwerera pabalaza ndi mbale yanga. Sindinakwiye, ndangotopa. Ndinakwatira munthu wodziwa chakudya, ndipo anandiyambira kufika.

Ndikutafuna nthutumba. Kukhitchini ndikumva timafupa, kamodzikamodzi. Sakufulumira.